Kodi Foni Ingachepetse Thupi ku Katete?

Ukayambitsa nkhani ya kuchepetsa thupi pa msika wa Katete, kapena pa Sinda pomwe mabasi a ku Lusaka amaima, ena angokuseka. Amati zimenezo n'za anthu a ku Kabulonga, odya katatu pa tsiku n'kumayenda pa galimoto. Ndipo kuseka kwawoko kuli ndi pogwira. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse la Zambia wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, ndipo chigawo cha Kum'mawa, ngakhale chimadyetsa dziko chimanga ndi mtedza, sichinasiyane kwenikweni ndi chiwerengero chimenechi. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chaika dziko pa ngozi. Kumudzi komwe nkhokwe imagona pansi chimanga cha m'munda chisanache, zoti munthu aziondetsa dala zimamveka ngati chipongwe.

Komabe pali manambala ena amene sakambidwa pa msika. Mu kafukufuku wa 2001 ndi 2002, amayi 12 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi thupi lopitirira muyezo. Pofika 2007 anali 19, ndipo mu 2013 ndi 2014 anafika 23. Kafukufuku wina wa mu 2017, wotchedwa STEPS, anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anayi alionse ndi wonenepa mopitirira, ndipo mmodzi mwa asanu ali ndi BP yokwera. N'zoona kuti ambiri mwa iwo ali m'tauni, koma moyo wa m'tauni masiku ano wafika pa boma lililonse. Muli aphunzitsi ndi anamwino, amayi okhala pa benchi tsiku lonse kugulitsa salaula kapena vitumbuwa, madalaivala a mu Great East Road, ndiponso mlimi amene wagulitsa soya n'kugula njinga yamoto, njinga ya Eagle yomwe ankapalasa bambo ake n'kuitsamiritsa kuseri kwa khola. Muli ndi anthu akumwa ma ARV: kuyambira cha mu 2018 dziko linayamba kusamutsira odwala ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene amagwira bwino ntchito, koma kafukufuku wa ADVANCE wa ku Johannesburg anasonyeza mu 2019 kuti ambiri owamwa amaonjezera thupi, makamaka amayi. Si zachilendonso kupeza m'nyumba imodzi mayi wonenepa ndi mwana wopinimbira, pakuti nsima yoyera, saladi ndi tiyi wa shuga wambiri zimakhutitsa koma sizikulitsa mwana.

Ndiye vuto lilipo. Pomwe anthu amasiyana m'pakuti kodi foni, yomwe yalowa kale m'nyumba zambiri ndi kusintha katumizidwe ka ndalama, ingathandizenso munthu kutsitsa thupi.

Ovomereza amayambira pa mtunda. Chipatala cha St Francis ku Katete, chomwe chinayamba mu 1948 ndipo amachiyendetsa limodzi a Anglican ndi a Katolika, chimalandira odwala ochokera kutali, ena otumizidwa kuchokera ku maboma ena. Ku Sinda kuli chipatala cha mishoni cha Nyanje. Vubwi, boma lomwe linapatulidwa ku Chadiza mu 2012, chaka chomwechonso Sinda anaima payekha, lili kumalire a Malawi ndi Mozambique, ndipo nthawi ya dzinja ulendo wa kumeneko umafuna kuupangira dala. Kuchepetsa thupi si jakisoni woti ukabayitsa kamodzi n'kutha. Kumafuna wina wokuyang'anira mwezi ndi mwezi, mwina kwa zaka ziwiri. Munthu amene sakumva kupweteka paliponse sangalipire njinga yamoto kupita ndi kubwera kuti akangokwera pa sikelo n'kuuzidwa kuti achepetse mchere. Ngakhale atapita, namwino amene ali ndi mzere wa amalungo ndi amayi oyembekezera panja sangakhale naye theka la ola kukambirana za kadyedwe. Foni, iwo amati, imachotsa mtundawo ndi mzerewo.

Amanenanso kuti zimenezi si zongolota, chifukwa foni yagwirapo kale ntchito ya chipatala kwathu kuno. Mu 2010 Unduna wa Zaumoyo ndi UNICEF anayambitsa Programme Mwana, yotumiza pa SMS zotsatira za magazi a makanda oyezedwa HIV, m'malo modikira pepala lochokera ku labotale. Kutsidya kwa malire, ku Balaka, Chipatala Cha Pa Foni chinayamba mu 2011 mothandizidwa ndi bungwe la VillageReach. Munthu ankaimba 54747 pa Airtel popanda kulipira, n'kuyankhidwa ndi wachipatala m'chilankhulo chake, ndipo patapita zaka ntchitoyi inafalikira m'maboma onse a Malawi, boma n'kuitenga m'manja. Zonse ziwirizi zinayenda pa foni ya mabatani, popanda bandulo.

Umboni wawo waukulu ndi wa ku Baltimore, ku America. Mu 2011 Lawrence Appel ndi anzake a ku Johns Hopkins anafalitsa zomwe anapeza atatsatira anthu onenepa 415 kwa zaka ziwiri. Anawagawa patatu. Gulu loyamba linangopatsidwa malangizo n'kusiyidwa kuti lidzionere lokha, ndipo linatsika ndi makilogalamu 0.8. Gulu lachiwiri linkakumana ndi alangizi maso ndi maso kuphatikiza pa kuimbirana foni, ndipo linatsika ndi 5.1. Gulu lachitatu silinakumanepo ndi mlangizi, zonse zinali pa foni, imelo ndi intaneti, koma linatsika ndi 4.6. Kusiyana kwa magulu awiri omalizawa n'kochepa ndithu. Makilogalamu anayi kapena asanu angaoneke ochepa kwa munthu wofuna kulowa m'diresi la ukwati wake, koma madokotala amadziwa kuti kutsika ndi magawo asanu okha pa 100 a kulemera kwa munthu kumatsitsa BP ndi shuga.

Pali ndi mfundo ina yomwe sipezeka m'mabuku: manyazi. Bambo wa ulemu wake, mkulu wa mpingo kapena hedimasitala, safuna kuyezedwa mimba ndi tepi pamaso pa anthu omwe amamuopa. Pa foni akhoza kunena zoona, kuti madzulo aliwonse amamwa mabotolo angati, popanda womuyang'ana kumaso.

Otsutsa nawo sakhala opanda mawu, ndipo umboni wawo woyamba ndi wochokera ku America komweko. Ku University of Pittsburgh, John Jakicic anatsatira achinyamata ndi akulu pafupifupi 470, a zaka 18 mpaka 35, kwa zaka ziwiri. Onse anaphunzitsidwa za kadyedwe ndi masewera olimbitsa thupi, kenaka theka linapatsidwa kachipangizo kovala pa mkono kowerengera mmene munthu wayendera ndi mphamvu zomwe watentha. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2016, zinadabwitsa ambiri: ovala kachipangizoka anatsika ndi makilogalamu 3.5, pomwe opanda kachipangizo anatsika ndi 5.9. Ku Los Angeles, mu 2014, odwala 212 anagawidwa pawiri, ena n'kupatsidwa pulogalamu ya pa foni ya MyFitnessPal yolembamo chakudya chilichonse chomwe wadya. Patatha miyezi isanu ndi umodzi panalibe kusiyana kooneka, ndipo ambiri anali atasiya kuitsegula mwezi woyamba utangotha. Awa anali anthu okhala ndi magetsi tsiku lonse ndi intaneti ya m'nyumba.

Pafupi ndi kwathu, zinthu sizinaposere pamenepo. Ku Cape Town, anthu 1,372 a BP ankatumiziridwa mauthenga a SMS, ndipo patatha chaka BP yawo inangotsika ndi manambala pafupifupi awiri poyerekeza ndi anzawo. Kafukufuku wotsatira, wa odwala shuga ku Cape Town ndi ku Lilongwe, yemwe anafalitsidwa mu 2021, anapeza kuti mauthengawo sanasinthe shuga wa m'magazi. Lilongwe ndi Katete kadyedwe n'kamodzi, chilankhulo n'chimodzi, ndipo chaka ndi chaka mafumu a kumeneko amabwera ku Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ngati uthenga wolembedwa sunagwedeze wa ku Lilongwe, n'chifukwa chiyani tiganize kuti ugwedeza wa ku Kapoche?

Ndiye pali nkhani ya mbale. Mapulogalamu owerengera makalori anapangidwira munthu wodya yekha, chakudya chake chili pa mbale yakeyake ndipo kulemera kwake kunalembedwa pa paketi. Kwathu nsima imabwera m'mbale imodzi, ndiwo m'mbale ina, manja anayi kapena asanu n'kumakumana momwemo. Ndani amawerenga mbamu? Mtanda wa mayi uyu sulingana ndi wa mayi uyo, pakuti zipande n'zosiyana. Chiwawa chotendera cha nyumba ino chili ndi nsinjiro zowirikiza kawiri za nyumba ya patsidya. Thobwa, mbewa, maungu, chimanga chootcha cha pa msewu, zonsezi uzifunafuna bwanji mu pulogalamu yodziwa pizza ndi yogati? Bungwe la National Food and Nutrition Commission lili ndi mndandanda wa zakudya za m'Zambia ndi michere yake, ndipo mu 2021 boma linatulutsa malangizo a kadyedwe ogwirizana ndi zakudya zathu, koma zimenezi sindizo zomwe munthu amapeza akatsitsa pulogalamu yaulere pa intaneti. Kuonjezera apo, wodyayo nthawi zambiri si amene amasankha chophikidwa. Mkamwini sangauze apongozi ake kuti achepetse saladi chifukwa foni yatero. Mayi akayamba kutapa pang'ono, apabanja amayamba kufunsa ngati m'nyumbamo muli mtendere.

Kowerengera mapazi nako kali ndi zake. Mayi amene walima mizere kuyambira mbandakucha, watunga madzi pa mjigo, wasinja mphale, foni yake inatsala pa shopu ikutchajidwa. Madzulo imuuza kuti lero sanayende.

Za netiweki ndi magetsi sizifuna kutalikitsa. Kafukufuku wa mu 2022 wa ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti, anapeza kuti munthu mmodzi yekha mwa anayi m'Zambia ndiye ankagwiritsa ntchito intaneti, ndipo kumudzi n'kocheperapo. M'midzi ina ya m'malire foni imakoka netiweki ya dziko lina. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, ngakhale okhala pa boma ankakhala pafupifupi tsiku lonse opanda magetsi. Nthawi zambiri foni ndi ya banja lonse, imagona m'thumba la bambo, ndipo uthenga wonena za thupi la mayi kapena mankhwala omwe akumwa umayamba kuwerengedwa ndi wina. Chigawo cha Kum'mawa ndi chimodzi mwa zigawo zomwe amayi ambiri sanapite patali ndi sukulu, kotero uthenga wolembedwa, makamaka wa m'Chingerezi, umadikira mwana abwere ku sukulu. Komanso anthu anazolowera kuti uthenga wochokera ku nambala yachilendo ndi wa akuba aja oti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Amaufufuta asanafike kumapeto.

Koma mfundo ziwiri za otsutsa zomwe ine ndimaziona zolemera si za netiweki ayi. Yoyamba n'njakuti kuno kuonda kuli ndi mbiri. Amene anaona zaka za m'ma 1990, kaliwondewonde akutha mabanja, sanaiwale kuti munthu akayamba kumasuka m'zovala anthu ankanong'onezana chiyani. Mayi amene ma ARV amubwezera thupi amaliona thupilo ngati chishango, ndipo womuuza kuti atsike ayenera kukhala munthu womudziwa, wotha kulankhulanso ndi amuna ake ndi apongozi. Ndipo kuonda nthawi zina ndi matenda ndithu. TB imaondetsa. Shuga wosasamalidwa amaondetsa, munthu akukodza pafupipafupi ndi kumva ludzu losatha. Khansa imaondetsa. Pulogalamu ya pa foni ikaona makilogalamu akutsika imangowomba m'manja, pomwe namwino akanayang'ana m'maso n'kufunsa za chifuwa ndi thukuta la usiku.

Yachiwiri n'njakuti foni yayamba kale ntchito yochepetsa thupi, koma ili m'manja olakwika. Walira mvula walira matope: bandulo yomwe ingabweretse malangizo abwino ndi yomweyo ikubweretsa ogulitsa tiyi wophwetsa mimba, makapisozi ndi malamba omanga m'chiuno pa Facebook, TikTok ndi WhatsApp, ndi zithunzi za mmene analili ndi mmene alili. Tiyi wambiri wotere ali ndi zotsegula m'mimba, kotero chomwe chimatsika pa sikelo ndi madzi. Choopsa kwambiri n'chakuti m'mayiko ambiri oyeza mankhwala akhala akupeza sibutramine m'zinthu zolembedwa kuti n'zachilengedwe, chonsecho mankhwalawa anachotsedwa pa msika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa choonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko. Tangoganizani munthu wa BP akumwa zimenezo. Mu June 2024 bungwe la WHO linachenjezanso za jakisoni wachinyengo wa semaglutide, mankhwala omwe amagwiritsidwanso ntchito pochepetsa thupi, yemwe anapezeka ku Brazil, ku Britain ndi ku America. Bungwe loyang'anira mankhwala la ZAMRA likhoza kulowa m'famase n'kuyang'ana mashelefu, koma katundu wogulidwa pa WhatsApp n'kulipiridwa pa Airtel Money amabwera pa basi m'kajumbo.

Apa ovomereza amatembenuza mfundoyo. Amati ngati wogulitsa tiyi wafika kale m'foni ya mphunzitsi wa ku Vubwi, kukhala chete kwa achipatala sikuteteza aliyense. Foniyo sidzachoka. Funso n'lakuti mawu a yani adzamvekemo. Pamenepa ndikuona kuti akunena zoona.

Mbali ziwirizi zimakonda kuponyerana Baltimore ndi Pittsburgh ngati kuti wina ananama. Ukayang'anitsitsa, kafukufuku awiriwa sakutsutsana. Ku Baltimore kunali munthu kumapeto kwa waya, mlangizi yemwe ankaimba sabata iliyonse m'miyezi itatu yoyamba, kenaka mwezi uliwonse, wodziwa dzina lako ndi zomwe unalonjeza ulendo watha. Ku Pittsburgh ndi ku Los Angeles chomwe chinaonjezedwa chinali chipangizo. Ku Lilongwe unali uthenga wotumizidwa ndi kompyuta. Chipatala Cha Pa Foni nacho chinakhazikika chifukwa woimba amayankhidwa ndi munthu. Choncho ine ndili kumbali ya foni, koma foni yoimba ndi kulankhula, osati yowerengera. Ndipo sindikuona chifukwa choifikitsira kwa aliyense. Mlimi wa ku Milanzi amene thupi lake limatsika lokha mu February n'kubwerera pokolola asiyidwe. Oyenera kuwatsatira ndi amene apezeka kale ndi BP kapena shuga ali onenepa, amene akwera kwambiri atayamba ma ARV, ndi amene m'chiuno mwadutsa masentimita 88 kwa amayi kapena 102 kwa abambo, muyezo womwe WHO imati ngozi yakula.

Njira yake siyenera kukhala yodabwitsa. Kuyamba kukhale maso ndi maso, pa chipatala kapena pa kiliniki ya pafupi, kuti ayezedwe BP ndi shuga ndiponso afunsidwe za TB. Sikelo ya ana ilipo kale, ndipo amayi amadziwa tsiku lake. Kuchokera apo, foni: kuimbiridwa ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera, m'Chichewa, pa nthawi yomwe mwini wake wasankha kuti foni ikhala m'manja mwake. Zokambirana zikhale zowerengeka ndi maso. Masupuni angati a shuga mu tiyi? Botolo la saladi likutha masiku angati? Mitanda ingati, ndipo ya mgaiwa kapena ya ufa woyera? Botolo limodzi la chakumwa chotsekemera la theka la lita limatha kukhala ndi shuga wokwana masupuni aang'ono 12, zomwe ndi pafupifupi mlingo wonse womwe WHO imati munthu wamkulu asapitirire pa tsiku. Mfundo yotereyi munthu akaimva kamodzi kuchokera kwa womudziwa saiiwala. Kwa omwe ali ndi foni zamakono, gulu la WhatsApp la aphunzitsi a pa zoni imodzi, kapena la amayi a Chigwirizano kaya a Mothers' Union, likhoza kuchita zomwe chilimba chimachita pa ndalama, aliyense kudziwa kuti anzake amufunsa. Koma m'gulumo mukhale namwino, apo ayi pasanathe mwezi wina ayamba kugulitsamo tiyi uja. Wailesi ngati Mphangwe FM ku Katete kapena Breeze FM ku Chipata ingagwire mbali yomwe foni singathe, yofikira apongozi ndi amuna kuti adziwe kuti mayi wotsika thupi mwa uphungu wa chipatala sakudwala.

Otsutsa ali ndi yankho lomaliza, ndipo silophweka kulikankha. Ngati mankhwala ake ndi munthu, ndiye kuti foni sinachepetse mtengo monga ankalonjezera. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera ali kale ndi katemera, malungo, amayi oyembekezera ndi zimbudzi za m'midzi yambirimbiri. Kumuonjezera anthu 40 oti aziwaimbira n'kumulanda nthawi ya mwana wopinimbira uja. Talk time agula ndani? Ntchito zambiri za pa foni zimabwera ndi ndalama za mabungwe akunja n'kupita nazo, ndipo mu 2025, thandizo la America pa zaumoyo litadulidwa, aliyense anaona kufulumira kwake komwe ntchito zotere zimaima.

Ndalama yomwe ili pafupi ndi ya chitukuko cha m'makonstichuwense, ya CDF, yomwe mu 2022 inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwense iliyonse, ndipo yakhala ikukwerabe. Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche ndi Vubwi aliyense amalandira yake. Sikelo ya akuluakulu, makina a BP a mabatire ndi tepi yoyezera m'chiuno pa kiliniki iliyonse n'zotsika mtengo poyerekeza ndi chipinda chimodzi cha kalasi. Chovuta n'chakuti komiti ya wadi imakonda chinthu choti anthu achione ndi kudulapo riboni, ndipo talk time ya mlangizi siikidwa chikwangwani. Amene akufuna kuti foni igwire ntchitoyi ayenera kukaima pa msonkhano wa wadi, pomwe ena akupempha mjigo ndi mlatho, n'kufotokoza chifukwa chake BP ya mayi wogulitsa vitumbuwa ikuyenera kulowa nawo pa mndandanda.